Kodi nthabwala zimafa ndi mwini wake?

Mlembi wa nthabwala wa ku England, P.G. Wodehouse, atamwalira mu 1975, ambiri anayesa kuti Jeeves ndi Bertie Wooster alowa naye m'manda. Awiriwa, bwana wachuma koma wosaganiza bwino ndi wantchito wake wanzeru zakuya, anaseketsa owerenga kuyambira 1915 mpaka buku lomaliza mu 1974.

Koma mu 2013, Sebastian Faulks anawadzutsa m'buku lotchedwa Jeeves and the Wedding Bells, ataloledwa ndi osunga chuma cha malemuyo. M'nkhaniyi zinthu zatembenuka: Jeeves akudzionetsa ngati mfulu yolemekezeka, pomwe Bertie wasanduka wantchito wosadziwa ngakhale kuperekera chakudya. Mu 2018, Ben Schott naye anatulutsa Jeeves and the King of Clubs.

Ntchito yotere si yamasewera. Owerenga amadziwa kayankhulidwe ka anthu amene amawakonda monga momwe mayi adziwira kulira kwa mwana wake. Mlembi watsopano akangokopera, amaoneka wosauka nzeru. Akasintha kwambiri, amati waononga cholowa.

Nkhaniyi ikukhudzanso anthu a ku Mchinji, boma lomwe Chichewa chake chimalumikizana ndi Chinyanja cha ku Chipata kudutsa malire a Mwami. Tsidya linalo kunali Julius Chongo, katswiri wofotokoza nthano pa wailesi ya Zambia m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Zina mwa nthano zake zinapulumuka chifukwa Ernst Wendland anazisonkhanitsa m'buku. Kuno kwathu, John Nyanga anatisiya mu 2016 ndipo Eric Mabedi anatsatira mu 2021, kusiya Izeki ndi Jakobo opanda owayankhulira.

Wofuna kudzutsa anthu otere ayenera kuyamba wagogoda pakhomo la abale a malemu. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira, limateteza ntchito ya mlembi kwa zaka 50 chimwalirireni. Kulemba popanda chilolezo ndi kuba, ngakhale cholinga chitakhala kulemekeza.

Chitsanzo cha Faulks chikuonetsa kuti banja likavomera, ndipo mlembi waluso akapezeka, ana obadwa lero akhoza kuseka nthabwala zomwe zinagwetsa agogo awo ndi phwete.