Chifukwa Chake Nthanda Imatentha Koposa Mercury

Nyenyezi yowala ija imene olawirira kumunda amaiona kum'mawa tambala atalira, imene makolo athu anaitcha Nthanda, ndi dziko lofanana kukula ndi lathu lino, ndipo akatswiri a zakuthambo amalitchula Venus. Kukongola kwake n'chikomekome cha mkuyu, pakuti kunsi kwa mitambo yake yonyezimirayo kuli ng'anjo ya madigiri pafupifupi 465, yokhoza kusungunula mtovu. Ndipo chombo cha Venera 13, chimene dziko la Soviet Union linatsitsa kumeneko m'chaka cha 1982, chingakhale anachimanga molimba, chinapirira maola awiri okha n'kutonthola.

Wina angafulumire kunena kuti chaputa zonsezi n'kuyandikira dzuwa, ndipo mawu ake sali opanda pake, popeza dziko lotalikira dzuwa kawiri limalandira gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a kuwala kwake. Nthanda imazungulira dzuwa pa mtunda wa makilomita 108 miliyoni, ife pa 150 miliyoni. Koma tidzanenanji za Mercury, imene ili pa 58 miliyoni pokha, nitentha kufikira madigiri 430 usana, koma usiku nizizira mpaka -180, pomwe Nthanda, imene mitambo yake imabweza kuwala kochuluka kusanafike pansi, siidziwa kuzizira usiku kapena usana?

Yankho lili mu mpweya. Kuwala kwa dzuwa kumapyola mumlengalenga n'kutenthetsa nthaka ndi nyanja, ndipo izi nazonso zimatulutsa kutenthako ngati cheza chosaoneka ndi maso, chimene chikadathawira kuthambo chonse pakadapanda nthunzi ya madzi, carbon dioxide ndi methane, mipweya imene imamwa chezacho n'kubwezera china pansi, monga chofunda sichisonkha moto wakewake koma chimachedwetsa kutuluka kwa kutentha kwa thupi. Mayi Eunice Foote a ku America anaona m'chaka cha 1856 kuti carbon dioxide amatentha kwambiri padzuwa, ndipo John Tyndall anayeza mu 1859 mmene mipweyayi imamwera cheza chija. Popanda iyo, dziko lathu likadakhala pa madigiri -18 m'malo mwa 15, ndipo sikukadakhala kufesa kapena kukolola. Mercury ilibe mpweya wonenapo. Nthanda ili nawo wopanikiza pafupifupi ka 90 kuposa wathu, ndipo magawo 96 mwa 100 alionse ndi carbon dioxide. Mars nayo ili ndi mpweya womwewo, koma wopyapyala ndithu, motero imakhalira kuzizira pa madigiri pafupifupi -60.

Tisaichepse njira yozungulira dzuwa, ingakhale siichita zimene ambiri amaiyesera. Dziko lathu limayandikira dzuwa koposa kumayambiriro kwa Januwale, pa makilomita 147 miliyoni, n'kutalikira mu Julaye, pa 152 miliyoni. Ife amene timanjenjemera ndi chiperoni mu Julaye tikhoza kuyesa kuti chifukwa chake ndicho, tikaiwala kuti Januwale yemweyo anthu a ku Ulaya amakhala m'chipale chofewa. Mwini nyengo ndiye kupendekeka kwa dziko, kwa madigiri 23.5. Milutin Milanković wa ku Serbia anawerengera kuti kupendekekaku kumasintha pa zaka 41,000, ndipo njirayo imatambasuka n'kubwereranso pa zaka pafupifupi 100,000, ndi kuti kusinthaku kunkaitana ndi kuchotsa madzi oundana amene kale anaphimba kumpoto kwa Ulaya ndi America.

Izi zimachitika mwa chizolowezi chake cha mibadwomibadwo, ndipo palibe wa ife adzaona kusintha kwake. Mpweya ndiwo wasintha mofulumira: mafakitale asanayambe kutentha malasha ndi mafuta, carbon dioxide anali magawo 280 mwa miliyoni, lero wapyola 420, ndipo dziko lafunda ndi digiri yoposa imodzi chiyambire kumapeto kwa zaka za m'ma 1800.