DZINO LOBOOKA SILIFUNIKA KUZULIDWA NTHAWI ZONSE

Anthu ambiri m'dziko lathu lino la Zambia amapita kwa dotolo wa mano pokhapokha dzino litawacezetsa usiku wonse, tsaya litatupa. Pofika ku cipatala pempho lao limakhala limodzi cabe, lakuti dzinolo lizulidwe. Koma dzino la munthu wamkulu likazulidwa silimeranso ai, pamene bowo looneka msanga lingathe kumatidwa, dzino nkukhalabe m'kamwa zaka zambiri.

Cimene cimaboola mano ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'kamwa. Timadya shuga wotsalira wa m'tiyi, masuwiti ndi zakumwa zotsekemera, ndipo timatulutsa asidi amene amadya dzino pang'onopang'ono. Bowo likali laling'ono silipweteka. Ululu waukulu umabwera bowolo likayandikira mtsempha wa m'kati mwa dzino, ndipo apa nchito yopulumutsa dzino imakhala itakula.

Kwa zaka zoposa 150 madotolo akhala akumata mano ndi amalgam, citsulo cotuwa cimene pafupifupi theka lake ndi mercury, cosakanizidwa ndi siliva, tini ndi mkuwa. Ncolimba ndithu, koma cimaonekera munthu akaseka, ndiponso mercury amaononga madzi ndi nthaka akatayidwa. Ndico cifukwa cake maiko a m'pangano la Minamata la 1913 ai, koma la 2013, limene Zambia ilimo, anagwirizana m'caka ca 2025 kuti amalgam ileke kugwiritsidwa nchito pofika 2034.

M'malo mwake muli zomatira ziwiri zofanana ndi mtundu wa dzino. Coyamba ndi composite, cimene maziko ake anakonzedwa ndi Rafael Bowen wa ku America kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960. Dotolo amayamba wacotsa mbali yoola, napaka mankhwala othandiza kuti comatira cigwire, kenaka amaika phalalo pang'onopang'ono ndi kuliumitsa ndi nyali ya kuwala kwa buluu. Popeza comatiraci cimadzigwirira ku dzino, sipafunika kusema mbali yaikulu ya dzino labwino. Komabe nchitoyi ifuna nthawi, magetsi, ndi dzino louma bwino lopanda malobvu, ndipo mtengo wake ndi wokwererapo. Fodya ndi tiyi zingadetse comatiraco m'kupita kwa nthawi.

Caciwiri ndi glass ionomer, cimene Alan Wilson ndi Brian Kent a ku London analengeza m'caka ca 1972. Ici cimasakanizidwa ndi manja, cimauma cokha, ndipo cimatulutsa fluoride amene amalimbitsa dzino. Sicilimba kwenikweni monga composite pa bowo lalikulu la mano otafunira, koma pa mabowo ang'onoang'ono ndi pa mano a ana cimagwira nchito yotamandika.

Kwa anthu a kumidzi, nkhani yokondweretsa inacokera kwa anansi athu a ku Tanzania. M'zaka za m'ma 1980 dotolo Jo Frencken, posowa makina oboolera mano, anayamba kupala mbali yoola ndi zipangizo za m'manja cabe. Njira imeneyi, yochedwa ART, inayesedwanso ku Zimbabwe ndi ku Thailand ndi glass ionomer, ndipo bungwe la World Health Organization linaibvomereza m'caka ca 1994. Siifuna magetsi, ndipo kawirikawiri siifuna jekeseni. M'caka ca 2021 bungwe lomweli linaika glass ionomer pa mndandanda wa mankhwala ofunika koposa.

Cotero makolo ayenera kuyang'ana m'kamwa mwa ana ao kawirikawiri. Kadontho kakuda pa dzino, cakudya comakanirira pa malo amodzi, kapena kunyerenyesa pomwa madzi ozizira, ndi zizindikiro zakuti nthawi yopita ku cipatala yakwana. Kumeneko funsani ngati dzinolo lingamatidwe lisanazulidwe. Likamatidwa, tsukani mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, ndipo cepetsani shuga, pakuti m'mbali mwa comatira mungathe kuolanso.