Kugulana kwa makampani a mbewu ndi mankhwala a ulimi: zimene alimi ndi amalonda a ku Chiradzulu ayenera kudziwa

Nyengo ya dzinja ikamayandikira, masitolo ogulitsa zipangizo za ulimi pa Mbulumbuzi, Namadzi, Thumbwe ndi Namitambo amadzaza ndi mapaketi a mbewu ndi mabotolo a mankhwala okhala ndi mayina osiyanasiyana. Wogula amaona ngati pali makampani ambiri amene akulimbirana ndalama yake. Unduna wa Zaulimi ukufuna kuti anthu adziwe kuti mayina ndi ambiri ndithu, koma eni ake ndi ochepa, ndipo m'zaka zapitazi akhala akucheperachepera.

Nkhaniyi inayambira kwathu konkuno. Kale mbewu ya chimanga cha haibulidi inkachulukitsidwa ndi National Seed Company of Malawi, imene ADMARC inali ndi gawo lalikulu la umwini wake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kampani ya Cargill ya ku America inagula masheya ambiri a kampaniyi. Imeneyo ndiyo nthawi imene alimi anadziwa MH17 ndi MH18, mitundu yokonoleka bwino imene akatswiri athu a ku Chitedze anatulutsa mu 1990. Mu 1998 Cargill inagulitsa malonda ake a mbewu a kunja kwa America kwa Monsanto, ndipo chaka chomwecho Monsanto inamaliza kugula kampani ya DeKalb. Zilembo za DK zimene timaziona pa mapaketi zinabwera motero. Mu June 2018 Monsanto nayonso inagulidwa ndi Bayer ya ku Germany pa mtengo wa madola 63 biliyoni. Choncho mlimi wa ku Mombezi amene amadzala DK 8033 ndi kupopera Roundup amagula zonse ziwiri kwa mwini mmodzi.

Pannar, imene ambiri amaidziwa ndi PAN 53, inali kampani ya ku Greytown, South Africa. DuPont, yomwe inali itagula kale Pioneer mu 1999, itafuna kuigula, mabungwe oona za mpikisano pa malonda m'dzikolo anakana. Mantha awo anali akuti makampani akuluakulu a mbewu ya chimanga kumeneko atsala awiri okha m'malo mwa atatu. Bwalo la apilo linasintha chigamulocho mu 2012, ndipo kugulanako kunatheka mu 2013. Mu 2017 DuPont inaphatikizana ndi Dow, ndipo mu 2019 nthambi yawo ya zaulimi inaima payokha ndi dzina loti Corteva. Pioneer ndi Pannar tsopano ndi ana a nyumba imodzi.

Syngenta, mwini wake wa Actellic amene timatetezera chimanga kwa anankafumbwe, inagulidwa ndi ChemChina ya boma la China mu 2017 pa madola 43 biliyoni. Ngakhale Seed Co ya Kanyani, Mkango ndi Njobvu, yomwe inabadwira ku Zimbabwe, gawo la masheya ake lili m'manja mwa Limagrain ya ku France. Lero Bayer, Corteva, Syngenta ndi BASF zimagulitsa zoposa theka la mbewu ndi mankhwala a ulimi ogulitsidwa pa dziko lonse.

N'chifukwa chiyani makampani opanga mankhwala anathamangira kugula makampani a mbewu? Yankho lagona pa mbewu zosinthidwa chibadwa, zimene ambiri amazitcha GMO. Mu 1996 Monsanto inayamba kugulitsa soya wosinthidwa kuti asafe akapoperedwa Roundup. Kuyambira pamenepo mbewu ndi mankhwala zinakhala ngati mtondo ndi munsi: wogula chimodzi amafunanso chinzake, ndipo phindu lonse limagwera m'thumba limodzi. Kuonjezera apo, kupeza mankhwala atsopano kapena mbewu yotere kumadya zaka zoposa 10 ndi ndalama zankhaninkhani zimene kampani yaing'ono siingakwanitse. Pamenepa tiyenera kunena chilungamo: kukula kwa makampaniwa kwabweretsa mitundu yocha msanga ndi yopirira ku ng'amba imene yathandiza mabanja ambiri. Koma ogulitsa akachepa, mpikisano wotsitsa mitengo umafooka, ndipo mitundu yosabweretsa phindu lalikulu imasiya kuchulukitsidwa ngakhale alimi akuikonda. M'boma ngati la Chiradzulu, mmene minda ndi yaing'ono ndipo banja limadzala chimanga, nandolo, nyemba ndi maungu m'munda umodzi, zofuna za mlimi sizigwirizana nthawi zonse ndi zimene ofufuza a ku Ulaya ndi America amaika patsogolo.

Pali chisokonezo chimodzi chimene chikhoza kuonongetsa munda wonse. Haibulidi si GMO. Haibulidi amapangidwa pokwatitsa mitundu iwiri ya chimanga m'munda, pamene GMO amapangidwa poika m'mbewu kachidutswa ka chibadwa chochokera kwina, monga ku bakiteriya. Chimanga cha DK, PAN ndi SC chimene chinalembetsedwa kuti chigulitsidwe m'dziko muno ndi haibulidi wamba. Wina akamva kuti ku South Africa amapopera Roundup pamwamba pa chimanga chomera, asayese zimenezo kuno, ngakhale dzina la pa paketi lifanane. Mankhwala a glyphosate sasankha: adzapha udzu, chimanga ndi nandolo yemwe. Ena mwa mankhwala opha udzu amene chimanga chimawapirira amaononga nyemba ndi maungu, choncho funsani alangizi musanagule ngati munda wanu ndi wa kasakaniza.

Mbewu za GMO sizilowa m'dziko muno mwachisawawa. Lamulo la Biosafety Act linakhazikitsidwa mu 2002, chaka cha njala chija pamene boma linalandira chimanga cha chithandizo cha GMO koma n'kulamula kuti chigayidwe kuti chisadzalidwe (anansi athu a ku Zambia anachikana kotheratu). Mbewu yoyamba yotere kuloledwa kwa alimi ndi thonje la Bt, lodziteteza ku mbozi, lomwe linayamba kuyesedwa ku Bunda mu 2013 ndi kuloledwa mu 2019. Limagulitsidwa ndi Quton, kampani imene masheya ake ambiri anagulidwa ndi Mahyco ya ku India mu 2014. Alimi a thonje ku Chikwawa, Balaka ndi Salima aona kuti limachepetsa kupopera, komanso aona kuti mbewu yake ndi yokwera mtengo kwambiri ndipo imayenera kugulidwa chaka ndi chaka. Aliyense amene akufunsa ngati chimanga cha Bt chingatithandize pa ntchemberezandonda, zimene zatisautsa kuyambira 2017, aganizire mbali ziwiri zonsezi.

Malawi sangaletse Bayer kugula Monsanto, koma ali ndi mphamvu pa zochitika pa msika wake. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limafufuza kugwirizana mitengo ndi chinyengo pa malonda, ndipo bungwe la COMESA loona za mpikisano, lomwe limaunika kugulana kwa makampani ogwira ntchito m'mayiko angapo, likulu lake lili ku Lilongwe. Mbewu zimayendetsedwa ndi lamulo latsopano la 2022, ndipo mankhwala onse amayenera kulembetsedwa ku Pesticides Control Board ku Bvumbwe. Alipo ndithu makampani a kuno monga Demeter, Funwe, Peacock ndi Global Seeds, ambiri mwa iwo ochulukitsa mitundu yotulutsidwa ndi ofufuza a boma, ndipo amalonda achita bwino kuika mbewu zawo pa shelefu kuti mlimi asankhe yekha.

Amalonda akukumbutsidwa kuti kugulitsa mbewu kapena mankhwala popanda chiphaso, kutsanulira mankhwala m'timabotolo topanda chizindikiro, ndi kulowetsa mbewu kudzera m'njira zozemba ndi milandu. Mlimi agule m'sitolo yovomerezeka, alandire lisiti, ndipo asunge paketi mpaka mbewu itamera, chifukwa nambala ya pa paketiyo ndiyo imathandiza kulondoloza kumene inachokera. Ngati siinamere bwino, kapena wogulitsa akukakamiza kuti mbewu igulidwe pamodzi ndi mankhwala ake, kanenani kwa mlangizi wa dera lanu, ku maofesi a zaulimi a Mombezi, Mbulumbuzi ndi Thumbwe, kapena ku ofesi ya zaulimi pa boma la Chiradzulu.