Malole akale a utsi ndi phokoso akusungidwa ngati chuma kutsidya kwa nyanja

TETE. Pa malole akuluakulu amene amadutsa pa Zóbuè ndi pa Calómuè usana ndi usiku, pali ena amene kumphumi kwawo kuli zilembo ziwiri, U ndi D. Ana a sukulu amaziwerenga, madalaivala amazitchula tsiku ndi tsiku, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti zilembozi ndi dzina la injini imene inasiya kupangidwa kalekale. Kampani ya ku Japan yotchedwa Minsei, imene pambuyo pake inadziwika kuti Nissan Diesel, inatulutsa injiniyi mu 1955 n'kuitcha Uniflow Diesel, kutanthauza injini ya dizilo imene mpweya umalowera mbali imodzi, utsi n'kutulukira mbali ina. Inali ya mtundu umene amakaniko ophunzira m'Chipwitikizi amati dois tempos. Malole a UD a masiku ano ali ndi injini za quatro tempos monga ena onse. Chatsala ndi dzina lokha.

Koma ku America, ku England, ku Australia ndi ku New Zealand kuli anthu amene akana kuti injini zotere zife. Ambiri ndi madalaivala ndi amakaniko opuma pa ntchito, ena ndi ana awo ndi adzukulu awo. Amafunafuna malole a dzimbiri amene anasiyidwa m'mafamu, pamene nkhuku zinayamba kale kuikiramo mazira, amawakokera kunyumba, n'kutha zaka akuwamasula ndi kuwamanganso. Ndalama zimene amathira pa lole imodzi nthawi zambiri sizibwera ngakhale ataigulitsa. Katundu sanyamula nayo. Chimene akufuna n'chakuti ilirenso.

Kuti nkhaniyi imveke, m'pofunika kuyambira pa chigayo, chifukwa injini yake aliyense m'mudzi amaidziwa. Pisitoni ya injini ya chigayo imayenda maulendo anayi kuti moto uyake kamodzi. Ulendo woyamba imakoka mpweya. Wachiwiri imaufinya mpaka utenthe. Wachitatu dizilo amene wapoperedwa amayaka n'kuikankha ndi mphamvu. Wachinayi imatulutsa utsi. Zili ngati mayi wosinja amene akutukula musi kawiri, koma chimanga n'kuchigunda kamodzi. Injini ya dois tempos sitero ayi. Musi ukakwera, potsika ukugunda chimanga, ulendo uliwonse.

Nanga mpweya ulowa nthawi yanji, utsi utuluka nthawi yanji? Apa ndi pamene pali nzeru yake. Pambali pa injini pali chopemerera, chimene ntchito yake ndi yofanana ndi mvukuto wa osula makasu. Pisitoni ikafika pansi imavundukula timabowo tozungulira silinda, mpweya wa mvukuto uja umalowa mwamphamvu n'kukankha utsi kuti utulukire pa mavavu a pamwamba. Zonsezi zimachitika m'kuphethira kwa diso. Popanda chopemereracho injini singalire n'komwe.

Owerenga asasokoneze injini imeneyi ndi ya njinga zamoto zija zothira oyilo mu petulo. Ya dizilo oyilo wake amakhala payekha pansi pa injini, ndipo amene akuidziwa amalangiza oyilo wa nambala imodzi, SAE 40, wosasiya phulusa lambiri, osati wa manambala awiri amene ali m'masitolo ambiri lero.

Jimmy wokuwa

Injini yotchuka kwambiri pa zonse ndi ya ku Detroit, mzinda wa mafakitale a galimoto ku America. Kampani ya General Motors inaitulutsa mu 1938 n'kuitcha Series 71. Nambala 71 ndi kukula kwa silinda imodzi pa muyeso wa kumeneko, ndiye kuti lita imodzi ndi pang'ono. Ya masilinda 6 ankaitcha 6-71, yokwana malita 7, ndipo m'zaka zake zabwino inkatulutsa mphamvu ya akavalo 238. Mu 1957 anayamba kupanga zina za masilinda opendekeka mbali ziwiri, ndipo mwa izo 8V-71, ya akavalo 318, ndiyo imene madalaivala a maulendo ataliatali ankaikonda. Mu 1974 kunabwera yokulirapo, Series 92.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi imene inaifalitsa. Inaikidwa m'mabwato otsitsira asilikali pagombe, ndipo akasinja a mtundu wa Sherman M4A2 ankayenda ndi ma 6-71 awiri omangidwa pamodzi. Nkhondo itatha mu 1945, anyamata amene anaphunzira kuikonza ku usilikali anaipezanso m'mabasi, m'malole, m'majenereta, m'mabwato a asodzi ndi m'makina okumba misewu. Ngakhale dziko la Soviet Union linaitengera: fakitale ya ku Yaroslavl inayamba mu 1947 kupanga YaAZ-204 potsanzira 4-71, n'kuiika m'malole a MAZ-200.

Madalaivala a ku America anaipatsa dzina loti Screaming Jimmy, ndiye kuti Jimmy wokuwa. Chifukwa chake chili pa masamu. Injini ya 6-71 ikamazungulira ka 2,100 pa mphindi imodzi, moto umayaka ka 12,600. Ya quatro tempos ya masilinda omwewo, pa liwiro lomwelo, umayaka ka 6,300 basi. Choncho khutu limamva ngati injini ikuthamanga kawiri kuposa mmene ikuthamangiradi, ndipo pamwamba pake pali kulira kwa chopemerera chija. Mlendo akaimva pamtunda amathawa poganiza kuti iphulika. Mwini wake amangomwetulira, popeza ndi pamene yafika pa ntchito yake. Ikazungulira pang'onopang'ono ilibe mphamvu, ndipo n'chifukwa chake madalaivala akale ankaseka kuti injini imeneyi imafuna uziiyendetsa ngati wakwiya nayo, dzanja osachoka pa giya.

Zilema zake okonda injiniyi sabisa, amachita kuzinyadira monga mmene mwini ng'ombe yolusa amanyadira nyanga zake. Imadontha oyilo paliponse pamene yaima, mpaka ena anapotoza dzina la Detroit kukhala Driptroit, kunena kudonthako. Imamwa mafuta. Dalaivala akalakwitsa ponyamuka pa chitunda, lole n'kubwerera m'mbuyo ili m'giya, injini ikhoza kuyamba kuzungulira chobwerera, utsi n'kumatulukira kolowera mpweya. Choopsa koposa ndi pamene oyilo wadutsa pa chopemerera n'kulowa m'masilinda, kapena pamene kachitsulo koyezera mafuta kagwira. Pamenepo injini imathamanga yokha osamvera munthu, ngakhale kiyi atazimitsidwa, mpaka zitsulo zitabalalika. Mankhwala ake ndi amodzi, kuitsekera mpweya. Zambiri zakale zinali ndi kachitseko kadzidzidzi ka ntchito imeneyi, ndipo mpaka lero munthu wodzutsa injini imene yagona zaka zambiri amaimika mnzake pambali atagwira thabwa, kuti zikavuta atseke nalo pakamwa pa chopemerera. Dzanja kapena nsanza sizigwiritsidwa ntchito pamenepo, chifukwa injini imameza.

Mapisitoni awiri m'silinda imodzi

Ku England anatenga njira yawoyawo, yodabwitsa kuposa ya ku Detroit. Mu 1954 malole a Commer, a kampani ya Rootes, anatuluka ndi injini yotchedwa TS3, yopangidwa pa fakitale ya Tilling-Stevens ku Maidstone. Inali ndi masilinda 3 ogona chafufumimba, koma mapisitoni 6. M'silinda iliyonse mapisitoni awiri amabwera moyang'anizana ngati nkhosa zamphongo ziwiri zofuna kugundana mitu. Atatsala pang'ono kukumana, dizilo amapoperedwa pakati pawo, moto umayaka, onse awiri n'kubwerera. Potero ina imatsegula mabowo a utsi, inzake imatsegula a mpweya. Mavavu palibe. Chivundikiro cha pamwamba pa masilinda, chija chimavutitsa amakaniko gasiketi yake ikapsa, palibenso. Mphamvu ya mapisitoni onse 6 imatsikira pa shafiti imodzi ya pansi kudzera m'mikono yachitsulo yopendama uku ndi uku.

Injini yonseyo inali ya malita 3.26 okha, koma inkatulutsa akavalo 105, ndipo mosiyana ndi Jimmy inkadziwika ndi kusamala mafuta. Popeza inali yafulati, inkakwana pansi pa mpando wa dalaivala, malo a katundu n'kukula. Ku Australia ndi ku New Zealand, kumene malolewa anagulidwa ambiri, anaitcha Commer Knocker chifukwa cha kugogoda kwake ikaima ikulira. Nayo inali ndi khalidwe lake: mwaye unkaunjikana m'mabowo a utsi, ndipo lole ikakoka katundu wolemera pa phiri, mwayewo unkayaka n'kumatuluka ngati nthethe za moto usiku.

Imfa yake sinabwere chifukwa cha kulephera ntchito. Kampani ya ku America ya Chrysler inatenga ulamuliro wa Rootes mu 1967, inaimitsa TS4 ya masilinda 4 imene inali ikuyesedwa, ndipo mu 1972 TS3 inasiya kupangidwa. Okonda Commer nkhani imeneyi imawawawabe mumtima mpaka lero, ndipo chifukwa ali nacho.

Kampani ina ya ku England, Foden ya ku Sandbach, imene poyamba inkapanga malole oyendera nthunzi, inatulutsa yake FD6 mu 1948, ya malita 4 ndi akavalo 126. Lole yomaliza ya dzina la Foden inapangidwa mu 2006.

Zina zonse zinagonja ndi malamulo a utsi. Popeza mabowo a mpweya ndi njira ya utsi zimakhala zotsegula nthawi imodzi, ndipo pisitoni imadutsa pa mabowowo itanyowa oyilo, n'kovuta kuti injini yotere ipse moyera. Maboma atayamba kuyeza utsi, Detroit Diesel inatulutsa mu 1987 injini ya quatro tempos yoyendetsedwa ndi kompyuta, Series 60, ndipo mu 1995 Series 71 inasiya kugulitsidwira malole a pamsewu. Ku California, kuyambira 1 Januwale 2023, pafupifupi malole onse a dizilo ogwira ntchito ayenera kukhala ndi injini ya 2010 kapena yatsopano kuposa apo. Ku London galimoto zakale zotulutsa utsi zimalipitsidwa tsiku lililonse zikalowa mumzinda, ngakhale kuti zoposa zaka 40 zolembetsedwa ngati zosungira mbiri zimakhululukidwa. Malamulowa ali ndi maziko, chifukwa utsi wa dizilo umawononga mapapo, ndipo madalaivala ambiri a nthawi imeneyo anakalamba makutu atagontha.

Chotsala tsopano ndi zionetsero. Ku England kuli ulendo wa malole ndi mabasi akale wopita ku Brighton, umene unayamba mu 1962 kuchokera ku London, mtunda woposa makilomita 80, ndipo umachitika mwezi wa Meyi. Ku America bungwe la American Truck Historical Society, lokhazikitsidwa mu 1971, limasonkhanitsa eni malole akale chaka ndi chaka. Ku Alice Springs, pakati pa chipululu cha Australia, anatsegula mu 1995 nyumba yosungiramo malole oterewa. M'malo onsewa, Detroit kapena Commer ikangolizidwa, anthu amasiya zimene amaonera n'kuthamangira kumeneko.

Phokoso lokha silingafotokoze chikondi chimenechi. Makaniko wa pa Moatize kapena pa Ulónguè amene anaimapo manja m'khosi pambali pa lole yamakono, yokana kulira mpaka munthu wa kompyuta atabwera kuchokera kutali, angamvetse msanga. M'ma Detroit akale munalibe chinsinsi chobisika m'kabokosi ka magetsi. Silinda iliyonse ili ndi kampope kake ka mafuta, kokankhidwa ndi chitsulo. Silinda ikatha imasololedwa ngati chitini, yatsopano n'kulowa, injini isanatsitsidwe n'komwe pa lole. Mapisitoni a banja lonse la 71 ndi a msinkhu umodzi, kaya injini ndi ya masilinda 2 kaya 16. Munthu wa masipanala, maso ndi khutu akhoza kuidzutsa pansi pa mtengo.

Koma luso limenelo lili m'manja mwa anthu okalamba. Kulinganiza timipope ta mafuta kuti tonse tithire mofanana ndi ntchito yomvera ndi zala, ndipo woiphonya ndi amene amathamangitsa injini mpaka kusweka. Zida za Detroit zikupezekabe chifukwa injinizi zinapangidwa zambirimbiri. Za Commer ndi Foden n'zosowa, mwakuti pofuna kudzutsa imodzi pamafunika kupha ziwiri kapena kusulitsa chida chatsopano pa mtengo wokwera. Ndipo wogula zitsulo zakale safunsa dzina la injini, amangoyeza makilo. Anthu a m'mbali mwa msewu wa Tete ndi Zóbuè akudziwa mmene mitembo ya malole otenthedwa pa nkhondo inazimiririra pang'onopang'ono mtendere wa 1992 utabwera.

Pamsewu dois tempos ya dizilo inatha, koma pamadzi ikulamulirabe. Sitima zikuluzikulu zambiri zonyamula katundu panyanja, kuphatikizapo za mtundu umene umatsitsa feteleza ndi mafuta pa madoko a Beira ndi Nacala, zimakankhidwa ndi injini za mtundu womwewu, kungoti ndi zazitali ngati nyumba zosanja. Ina mwa zazikulu koposa inaikidwa mu sitima ya Emma Mærsk mu 2006. Ili ndi masilinda 14, imalemera matani 2,300, ndipo mphamvu yake imaposa akavalo 100,000. Imeneyo sikuwa ngati Jimmy. Imazungulira ka 102 kokha pa mphindi imodzi, mwakuti munthu woima pambali akhoza kuwerenga ndi pakamwa.