Eni Mzinda ndi Eni Madigiri

Ku yunivesite ya British Columbia ku Canada, msonkhano usanayambe wina amaimirira n'kunena kuti sukuluyo inamangidwa pa dziko la anthu a mtundu wa Musqueam, dziko limene eni akewo sanalipereke kwa aliyense. Mwambowu unafala kwambiri kuyambira mu 2015, pamene bungwe lofufuza nkhanza zimene ana a eni dziko ankachitiridwa m'sukulu zogonera komweko linatulutsa mfundo 94 zokonzera zinthu. Mawuwo ndi abwino, koma akatha kulankhulidwa malo amakhalabe m'manja mwa amene anawatenga.

Koma ku Chadiza, ku Zambia, ulemu suthera pakamwa. Nthaka yambiri idakali m'manja mwa mafumu monga Zingalume, Mlolo ndi Mwangala, pansi pa Kalonga Gawa Undi. Wophunzira zaluso wochokera ku Lusaka, kamera ili pakhosi, sangangotulukira kudambwe. Ayambe wafika kwa mwini mzinda, anene chimene wadzera, ndipo ngati sanalowe gule adzaonera pabwalo monga wina aliyense. Kumanda kumene zilombo zimatulukira kuli eni ake, amoyo ndi amene anatsogola.

Pamenepa ndiye tawaposa anzathu aja. Chondipweteka mtima chili kusukulu. UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, koma mu 2018 itamveka mbiri yoti yunivesite ya Zambia iyamba digiri ya chikhalidwe cha makolo, ena anaiseka kuti ndi digiri ya ufiti. Wosema nkhope ya Chadzunda, woluka Kasiyamaliro, woimba mbalule mpaka fumbi kuti kobo pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, onsewa timangowafunsa mafunso, digiri n'kukalandira wofunsayo. Anamkungwi, amene amaphunzitsa atsikana ndi nyimbo komanso zoumba pachinamwali, ndiye satchulidwa n'komwe.

Ku Gisborne ku New Zealand kuli sukulu ya Toihoukura, kumene a Māori amaphunzitsa okha kusema, kuluka ndi kujambula kwa makolo awo mpaka pa digiri. Ifenso tingathe kuitana akuluakulu a ku Chadiza kuti aime kutsogolo kwa kalasi, asankhe okha zoti aphunzitse ndi zoti zitsale kudambwe, ndipo alandire malipiro a mphunzitsi, osati ya sopo chabe.