Kodi Mumadziwa? Kompyuta Ikanamizira Sikirini Kuti Yachedwa

Kodi mumadziwa kuti foni iliyonse ya Android imayendera kernel ya Linux? Kernel ndiye phata la mapulogalamu onse m'chipangizo, ndipo Linus Torvalds anayamba kuilemba mu 1991 ku Helsinki. M'kati mwake muli timapulogalamu totchedwa driver, ndipo tina mwa ito timalamulira zooneka pa sikirini, monga i915 ya Intel ndi amdgpu ya AMD.

Kodi mumadziwa kuti sikirini wamba imasintha chithunzi maulendo 60 pa sekondi imodzi? Driver ikatumiza chithunzi chatsopano, imadikira chizindikiro choti chaoneka. Pakatha masekondi 10 kuli zii, kernel imalemba dandaulo lakuti "flip_done timed out", kutanthauza kuti nthawi yodikira yatha.

Kodi mumadziwa kuti madandaulo a mtundu uwu ena amakhala abodza? Purosesa ikatanganidwa, imayamba yaimitsa driver kuti ithane ndi ntchito zina. Driver ija pobwerera imangoyang'ana wotchi, n'kupeza nthawi yapitirira, n'kulengeza kuti zakanika, chonsecho chipangizo chinamaliza ntchito kalekale. Zili ngati munthu wotereka madzi a nsima n'kuwodzera, podzidzimuka n'kumadandaula kuti sanawire, asanavundukule n'komwe poto.

Kodi mumadziwa kuti mankhwala ake ndi mizere yochepa chabe? Nthawi ikatha, driver iyenera kusuzumiranso chipangizo kamodzi isanagamule. Kachida kotchedwa readl_poll_timeout kamachita zimenezi kokha, n'chifukwa chake akatswiri amalimbikitsa kukagwiritsa ntchito m'malo moti aliyense azilemba njira yakeyake yodikirira.

Kodi mumadziwa kuti vutoli linapezekapo ngakhale pa chida chimene ma driver ambirimbiri amadalira? Mu 2013, Imre Deak wa ku Intel anakonza wait_event_timeout kuti isamanene kuti zalephera pamene chodikiridwacho chachitika nthawi ikungotha kumene.

Kodi mumadziwa kuti wotchi ya kernel, yotchedwa jiffies, imadzaza n'kuyambiranso pa 0? Pa makina a 32-bit ogunda ka 1,000 pa sekondi, izi zimachitika patatha masiku 49 ndi maola angapo. Akatswiri anaitchera dala kuti izidzaza patangotha mphindi 5 kompyuta itayatsidwa, kuti driver yowerengera nthawi molakwika igwidwe msanga.

Choncho mukaona uthenga wa timeout koma sikirini ikuonetsa bwinobwino, musathamangire kugula ina. Yambani mwaika kernel yatsopano, chifukwa mwina akatswiri anakonza kale vutolo.