Makina aakulu a dziko akusowa amakaniko akeake

Msodzi aliyense wa pa doko la Chikombe amadziwa kuti kuyendetsa boti la injini ndi kukonza injiniyo ndi ntchito ziwiri zosiyana. Oyendetsa ndi ambiri, ngakhale mnyamata wa zaka 15 amaidziwa njira ya ku chilumba cha Mbenji. Koma injini ikazima pakati pa madzi, mwera uli mkati, munthu amene aliyense amamulakalaka ndi makaniko. Pankhani ya makompyuta, dziko lathu lili ngati doko lodzaza oyendetsa pamene amakaniko ake ndi owerengeka.

Ndine mphunzitsi wa sukulu ya sekondale yoyendera kuno m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima. Ndikafunsa ana a Fomu 4 ntchito yomwe munthu wodziwa kompyuta angagwire, mayankho sasiyana chaka ndi chaka: kutayipa makalata muofesi, kutsegula shopu yosindikiza mapepala, kuika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni a anthu pamsika. Izi ndi ntchito zabwino ndipo zikudyetsa mabanja. Koma pali ntchito ina imene anawa sadaimvepo, chonsecho ndi imene yanyamula ndalama ndi mayina a tonsefe.

Taganizani za mayi wa geni ya nsomba wochokera ku Lilongwe amene akulipira utaka kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Iye amangoona uthenga pafoni, koma kwinakwake kuli makina amene achotsa ndalamayo m'buku lake ndi kuilemba m'buku la msodzi. Malipiro anga a pamwezi amadutsa m'makina a boma kenako a banki. Mayina a Amalawi oposa 9 miliyoni amene adalembetsa ziphaso za unzika mu 2017 adasungidwa m'makina. Awa si makompyuta a patebulo amene timawadziwa. Amakhala m'zipinda zozizira, zokiyidwa, ndipo amagwira ntchito usana ndi usiku kutumikira anthu zikwizikwi nthawi imodzi.

Makina otere ali ndi magulu. Pali akuluakulu zedi amene amatchedwa mainframe, ndiye pali apakatikati otchedwa midrange, omwe mabanki, makampani a inshuwalansi, mafakitale ndi masitolo akuluakulu padziko lapansi akhala akuwadalira. Otchuka mwa iwo ndi AS/400 amene kampani ya IBM idatulutsa mu 1988. Dzina lawo lidasintha kukhala iSeries mu 2000, ndipo kuyambira mu 2008 pulogalamu yoyendetsa makinawa imadziwika kuti IBM i. Mapulogalamu ambiri a m'makinawa adalembedwa m'zilankhulo za kompyuta zotchedwa RPG ndi COBOL, zomwe zidayamba cha m'ma 1959, dziko lino lisadalandire ufulu wodzilamulira. Mpaka lero zikuwerengerabe anthu malipiro.

Vuto la makina okhalitsa chonchi ndi loti amene adawaphunzira amakalamba ndi kupuma ntchito makinawo akadali amoyo. Mu Epulo 2020, Covid-19 itachotsetsa anthu ambiri ntchito ku America, bwanamkubwa wa New Jersey a Phil Murphy adapempha poyera anthu odziwa COBOL kuti adzathandize, chifukwa makina olipira anthu osowa ntchito adalemedwa. Ngati dziko lolemera chotero lidachita kulengeza kuti likufuna amakaniko, nanga ife?

Makina amenewa, kaya ndi a IBM kapena a kampani ina, amafuna antchito a mitundu iwiri. Oyamba ndi olemba mapulogalamu. Boma likasintha msonkho wodulidwa pamalipiro, munthu wina amayenera kulowa m'pulogalamu, kupeza pamene pali chiwerengero chakale, kusintha, ndi kuyesa kaye pambali asadalole kuti zikhudze malipiro enieni. Akalakwitsa kadontho kamodzi, anthu masauzande amalandira zoperewera.

Achiwiri ndi oyang'anira makina. Awa ndiwo amagawa makiyi: uyu aziloledwa kulemba chikalata cholipirira koma asamavomereze, uyo azivomereza koma asamalembe. Amaonetsetsa kuti tsiku lililonse zonse za m'makina zakoperedwa ndi kusungidwa kumalo ena, ndipo amayesa ngati zosungidwazo zingabwezeretsedwedi makina atawonongeka. Amatseka chitseko cha wantchito amene wachoka. Amasamala kaundula amene amalemba yekha kuti ndani adalowa, nthawi yanji, ndipo adakhudza chiyani. Munthu wotere akamagwira bwino ntchito palibe amamutchula dzina. Timamukumbukira tsiku limene zinthu zaima.

Ife Amalawi tidalipira kale mtengo wa phunziro limeneli. Mu 2005 boma lidayamba kugwiritsa ntchito ndondomeko ya pakompyuta yoyendetsera chuma yotchedwa IFMIS, ya pulogalamu ya Epicor. Mu Sepitembala 2013 nkhani ya Cashgate idaphulika. Akatswiri ofufuza za chuma a kampani ya Baker Tilly ya ku Britain adapeza kuti pakati pa Epulo ndi Sepitembala chaka chimenecho ndalama zoposa K13 biliyoni zidasololedwa. Njira yake idali yoti anthu amalowa m'makina, kulemba malipiro a makampani amene sadagwire ntchito iliyonse, cheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta zolembazo. Mayiko otithandiza adaimitsa thandizo lawo la m'bajeti, ndipo amene adamva kuwawa ndi odwala m'zipatala ndi ana m'sukulu ngati yathu ino.

Ambiri timaikumbukira Cashgate ngati nkhani ya dyera, ndipo ndi zoona. Koma ilinso nkhani ya kayang'aniridwe ka makina. Kumene makiyi agawidwa bwino, munthu mmodzi sangalembe, kuvomereza ndi kufufuta. Kumene kaundula wa olowa amawerengedwa tsiku ndi tsiku ndi munthu wodziwa ntchito komanso wosagulika, kuba kwa miyezi 6 kumaoneka sabata yoyamba. Kuyambira mu 2020 boma lidayamba kusamukira ku IFMIS yatsopano ya pulogalamu ya SAP. Ndi chinthu chabwino, koma loko watsopano sateteza nyumba ngati makiyi ake akungoyendayenda.

Phunziro lachiwiri ndi la mapasipoti. Mu Disembala 2021 boma lidathetsa mgwirizano wake ndi kampani ya Techno Brain yomwe idakhazikitsa makina opangira mapasipoti. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa masabata angapo, ndipo mu Febuluwale a Lazarus Chakwera, monga mtsogoleri wa dziko, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti adalanda makinawo ndipo amafuna dipo. Pa zomwe zidachitika kwenikweni anthu adatsutsana, koma chimodzi chidaonekera poyera: dziko lidali ndi makina amene silikadatha kuwadzutsa msanga ndi manja akeake. Odwala ofuna chithandizo kunja, ophunzira, ochita malonda ndi achinyamata ofuna kupita ku Joni adangoti kakasi.

Kuno kwathu tili ndi chitsanzo cha momwe chuma cha anthu onse chimasungidwira. Kuyambira zaka za m'ma 1950, chilumba cha Mbenji chakhala chikutsekedwa nyengo ya dzinja pansi pa ulamuliro wa a Makanjira. Chimatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo kuti nsomba ziswane. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo wophwanya lamulo amabwezedwa kumtunda. Akatswiri a zausodzi amachokera kutali kudzaphunzira za dongosololi. Chimene chalisunga zaka zonsezi ndi anthu: mfumu, komiti ya asodzi ndi akuluakulu amene adaphunzira poona makolo awo ndipo akuphunzitsa achinyamata amene adzawalowe m'malo. Palibe kampani yakunja imene idasunga chinsinsi cha Mbenji m'thumba mwake. Eni nyanja ndiwo akudziwa potsekera ndi potsegulira.

Umu ndi momwe tiyenera kuganizira za makina a dziko. Sindikunena kuti tisiye kugula kunja, pakuti ngakhale injini za maboti athu ndi zakunja. Ndikunena kuti pogula tizigula ndi nzeru zake zomwe. Mgwirizano uliwonse wa makina aakulu uzinena momveka kuti Amalawi angati aphunzitsidwa, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ayesedwa motani. Maphunziro a masiku atatu ku hotela ya ku Senga Bay, anthu n'kulandira alawansi ndi satifiketi, amatulutsa odziwa kudina mabatani basi. Woyang'anira makina amapsa pokhala pambali pa katswiri miyezi yambiri, kuona makina akugwa usiku ndi kuwadzutsa yekha katswiriyo akuyang'ana.

Sukulu zophunzitsa tili nazo. Pali NACIT ku Lilongwe ndi ku Blantyre, pali MUBAS, UNIMA, Mzuzu University ndi MUST ya ku Thyolo yomwe idatsegulidwa mu 2014. Ntchito yatsala ndi kulumikiza kalasi ndi chipinda chozizira chija. Mabanki, MRA, makampani a mafoni ndi nthambi za boma azitenga ophunzira n'kuwapatsa makina oyesererapo ofanana ndi enieni. Olemba anthu ntchito amapereka kale 1 peresenti ya malipiro ku thumba la TEVETA, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999. Gawo la ndalama imeneyi likhoza kuphunzitsa oyang'anira makina monga momwe likuphunzitsira akalipentala ndi amisiri omanga. Ndipo amene aphunzira azilipidwa moyenera, chifukwa luso limeneli lili ndi msika ku Johannesburg ndi ku Nairobi, ndipo munthu wanjala amene wasunga makiyi a mosungira chuma ndi ngozi.

Wina afunsa kuti zonsezi zikumukhudza bwanji mwana wa kumudzi amene phunziro la kompyuta amalionera pabolodi, mwina sukulu yake ilibe ndi magetsi omwe. Yankho langa ndi loti maziko a ntchitoyi sayambira pa kompyuta. Amayambira pa masamu, pa Chingerezi chomvetsa malangizo olembedwa, pa kudekha kotsata ndondomeko osadumpha sitepe, ndi pa kukhulupirika. Ndili ndi ana m'kalasi amene amalembera makolo awo mabuku a chilimira: zidebe zomwe zagwidwa, mafuta omwe apita, gawo la alovi, ngongole ya wogula. Mwana amene amapeza pamene K500 yasowera m'buku lotere ali kale ndi mutu wa ntchito imeneyi. Ambiri mwa iwo ndi atsikana. Mwambo suwalola kuponda pachilumba, koma chipinda cha makina chilibe lamulo lotero.

M'mera mpoyamba. Aphunzitsi anzanga, tiyeni tiziwauza ana kuti kuseri kwa foni iliyonse kuli ntchito, ndipo tiziitchula mayina ake. Makolo, mwana akakhoza bwino masamu musamangoona unamwino ndi uphunzitsi wokha. A Unduna wa Maphunziro ndi a TEVETA, tumizani anthu ogwira ntchitozi azidzayankhula m'sukulu za kumidzi, ndipo sukulu ya ntchito zamanja ya Salima ikhale khomo lapafupi la ana a kunyanja kuno. Aphungu a Nyumba ya Malamulo, mukamavomereza ndalama zogulira makina atsopano muzifunsa funso limodzi musadaombe m'manja: wogulitsayu akadzanyamuka, Mmalawi amene adzatsale ndi makiyi ndani, ndipo adaphunzira kuti?